Besi ya a Mbewe

Chimwalirireni mwamuna wake Moses Mbewe, munthu amene ankapereka moni kwa Elinati m'mawa uliwonse anali mkazi wa ku Japan yemwe sanamuonepo. Mkaziyo ankakhala m'galimoto. Ukangopotokola kiyi, ankalankhula timawu take tofewa kuchokera penapake pansi pa chiwongolero, ndipo mu Chadiza monse munalibe wodziwa chimene akunena. Moses ankamutchula kuti mkazi wamng'ono. Ankati uyu ndiye waulemu, sabweza mawu kwa mwamuna, Elinati n'kumuyankha kuti ndiye azimuphikira yemweyo. Tsopano nthabwala inapita ndi mwini wake, mkazi wamng'ono n'kutsala ndi wamkulu.

Pa maliro, pabwalo panalibe poponda. Akwaya anaimba mpaka mawu kusasa, a ku Mlolo kwawo kwa malemu anabwera ndi nkhuni ndi ufa, ndipo aliyense ankamugwira dzanja Elinati n'kumulonjeza kuti sadzamusiya yekha. Atangoika, anayamba kuzemba mmodzimmodzi, uyu ati mbuzi zatsala zokha, uyu ati mtedza ukuwolera m'munda. Sindikuwanena, aliyense ali ndi pakhomo pake. Koma mawu oti sitidzakusiyani ndawamva pa maliro ambiri, ndipo sindinaonepo amene anawasunga mpaka mwezi kutha.

Wina akanathawira kwawo. Elinati analibe kwawo. Anadutsa malire a Mozambique ali kamtsikana, atagwira chitenje cha mayi ake, nkhondo ili m'mbuyo. Mayiwo anaikidwa kalekale ku Pembamoyo, kumene anafikira othawa nkhondo, ndipo abale amene anabwerera nkhondo itatha sanamvekenso. Ndi Moses sanapatsidwe mwana. Anthu ankamuitana aNaphiri kapena mayi Mbewe, poti panalibe dzina la mwana loti amuitanire.

Za katundu sanakangane ndi munthu. Akuchimuna anagwirizana kuti nyumba ikhale yake, galimoto ipite kwa Terrance, mwana wa mlongo wa Moses, kuti azinyamulira anthu pakati pa Mlolo ndi pa Boma n'kumasamalira mayi ake. Elinati anavomera mosavuta. Kuyendetsa sankadziwa, ankangodziwa kuliza injini kuti batire lisafe, monga anamuphunzitsira mwamuna wake. Terrance anati adzaitenga akamaliza kukolola, ndiye galimotoyo inaima pansi pa mango kuseri kwa nyumba, ikulandira fumbi ndi zitosi za mbalame.

Chimene chinayamba kumudya Elinati chinali china. Tsiku lina akusesa pakhonde, anafuna kukumbukira mmene Moses ankamuitanira akafika kuchokera ku Chipata, koma mawuwo sanabwere. Zimene ankanena ankazikumbukira zonse, kamvekedwe kake ndi kamene kanali katasowa. Anakhala pansi, tsache lili m'manja, ndipo anachita mantha kuposa tsiku limene anamunyamula mwamunayo kupita naye kuchipatala.

Moses sanali wolongolola, koma mawu anali nawo. Ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Panali nyimbo ina imene pa ameni womaliza abesi anzake onse ankaima, iye n'kutsika yekha pansi penipeni, pamene wina aliyense akanangotulutsa mpweya. Ankakonda kuiyeserera atagona chagada, milomo chitsekere. Elinati sankaimva kwenikweni ndi khutu. Ankaimva ndi msana, ikuyenda m'bedi ngati lole yodutsa patali.

Nyimbo za kwayayo zinalipo. Kwaya inakazijambula ku Chipata zaka zapitazo, ndipo kafulashi kake kanali chibayireni m'kachipangizo kamene kamatumiza nyimbo ku wailesi ya m'galimoto. Zinalinso pa foni. Koma pa foni ankamveka amayi okhaokha, timawu tating'ono ngati udzudzu, abesi ngati anatsala pa depoti. Kutchalitchi kunali masipika aakulu, koma Elinati sankafuna kumumva mwamuna wake anthu akumuyang'ana kumaso kuti aone ngati alire.

Kunatsala galimoto. M'mbali mwa buti munali bokosi lapulasitiki lokhala ndi sipika ya mawu apansi, limene galimotoyo inabwera nalo kuchokera kwawo. Anyamata amati sabuwufa, Moses ankangoti bokosi la besi. Bokosi limeneli linamusowetsa mtendere ali moyo. Nyimbo inkayenda bwinobwino mpaka pa ameni uja, ndiye m'malo mwa Moses pankatuluka phwerere, buti yonse ikunjenjemera, nambalapuleti ikuwomba m'manja. Mwini wake ankati galimotoyi yamuchotsa ulemu pamaso pa okwera amene ankawanyamula kupita ku Chipata. Ankati adzalikonza popanda kuwonongerapo ndalama, iye ndi mnzake Wadson, Loweruka lina akadzapeza mpata. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Ndiye m'mawa uliwonse Elinati ankalowa m'galimotomo, n'kulandira moni wa mkazi wamng'ono, n'kutseka mawindo onse kuti aneba asanene kuti namfedwa wayamba kale kusangalala. Ankayatsa nyimbo ija n'kudikira. Pofika pamalo pake pankatuluka phwerere yemweyo.

Lachinayi Terrance anaimba foni. Anati kumunda wamaliza, abwera Loweruka madzulo kudzatenga galimoto. Anali wokondwa, ndipo munthu wokondwa salabadira kumene mawu ake akugwera. Anafotokoza za matayala, za mafuta, za mmene anthu a ku Mlolo akuvutikira ndi maminibasi osadziwika nthawi yake, kenako n'kunena kuti akangopeza kangachepe adzagula sipika yeniyeni ku Chipata, chibokosi chakale chija n'kuchitaya, poti okwera a masiku ano amafuna nyimbo yogunda. Elinati anati zonse zili bwino, amudikira. Atadula foni anatuluka kukaima pafupi ndi galimoto ija kwa nthawi, osadziwa choigwira.

Wadson ankakhala kuseri kwa mpanda wa udzu umene unkalekanitsa mabwalo awo. Ankaimba tena m'kwaya yomweyo, ndipo pamsika anali ndi kashopu kokonzera mawailesi ndi mafoni. Ntchito yonse ikanamutengera kanthawi kochepa chabe. Koma Elinati anali asanasudzulidwe. Mkazi amene akuchimuna sanamumasule saloledwa kuonekera ali ndi mwamuna pawiri, nanji mnzake wa malemu, nanji atawerama limodzi m'buti ya galimoto kuseri kwa nyumba. Anthu omwewo amene ankasowa mpata wodzamuona sakanasowa mpata wosuzumira.

Anakamuuza Judith, mkazi wa Wadson. Judith anali munthu wabwino, koma wodziwa kamwa la anthu a pa Boma. Anati mwamuna wake sangaponde pabwalopo, nkhaniyo ingafike ku Mlolo lisanalowe dzuwa. Atamuyang'ana Elinati kumaso, anati koma mpanda ulibe mlandu. Madzulo omwewo Judith anayala mphasa poonekera n'kuyamba kusenda mtedza, Wadson anaima mbali yake ya mpanda, Elinati mbali yake, udzu uli pakati.

Wadson anayamba ndi kutsokomola. Anati sipikayo siinafe, iye anaimverapo, vuto ndi loti chilichonse chogwedera m'butimo chimaba mawu. Anamuuza kuti adule chubu chakale cha njinga, aike mphira kuseri kwa nambalapuleti ndi paliponse pamene chitsulo chikukhudzana ndi pulasitiki, amange timabawuti tonse. Anamuuza mmene angamasulire sipika pabokosi, ndi kuti mawaya awiri aja asawasinthanitse powabwezera, apo ayi besi ithawa.

"Nanga phwerere uja, alamu?" anafunsa Elinati.

"Bokosilo mkati n'lopanda kanthu, alamu. Likulira ngati chitini. Muikemo thonje. Mawu akalowa m'thonje amayenda pang'onopang'ono, bokosi laling'ono limalira ngati lalikulu." Anatsitsa mawu. "Tinapangana ndi aMbewe kuti tidzachita Loweruka lina."

Kenako anadutsitsa sikuludiraiva pamwamba pa mpanda, ataigwira kunsonga kuti zala zisakhudzane, n'kunena kuti mawa alawirira ku Chipata kukagula zipangizo za kushopu. Judith anati thonje lilipo, mchimwene wake wa ku Zemba anasiya theka la thumba limene ogula analikana, ndipo analiponya yekha pamwamba pa mpanda.

Lachisanu Elinati anagwira ntchito imene sanaganizepo kuti angagwire. Anadula chubu ndi lumo, anagwada pafumbi kuseri kwa galimoto, namasula nambalapuleti. Bawuti imodzi inali itachita dzimbiri ndipo inamusenda chala. Anayamwa magaziwo n'kupitiriza. M'butimo anapeza zinthu za Moses zimene abale sanazione, chipewa chamafuta, chingwe, ndi botolo lamadzi lopanda chotsekera, ndipo anazichotsa chifukwa nazonso zinkagwedera. Sipika itatuluka anamanga kansalu pa waya umodzi kuti asaiwale mbali yake. Anasuzumira m'bokosi. Munalidi mopanda kanthu, mukununkha pulasitiki yotentha.

Tsono thonje Elinati ankalidziwa. Anakula akulithyola ndi mayi ake m'minda ya anthu, ndipo mwana aliyense wa kumeneko amadziwa kuti thonje amalipondera. Polongedza belo logulitsa munthu amalowa m'thumba n'kuvinamo mpaka lilimbe ngati mwala, ndipo wosiya mpata amasekedwa kuti ndi waulesi. Wadson anali atanena kuti muikemo thonje, sananene kuti lochuluka bwanji, poti kwa iye zinali zodziwikiratu. Kwa Elinati zinali zodziwikiratunso. Analiika ndi dzanja, n'kulikanikiza ndi chibakera, kenako anakatenga mthiko kukhitchini kuti lifike m'makona. Theka la thumba lija linatsala pang'ono kuthera m'kabokosi kamene ukakaona ungati mungalowe mavwende awiri okha. Atabwezera sipika n'kumanga zonse, anaimirira, msana ukuwawa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro anamva kuti wachita chinthu.

Analowa, n'kutseka mawindo, n'kupotokola kiyi. Mkazi wamng'ono anapereka moni wake. Nyimbo inayamba, ndipo nambalapuleti inali chete, buti inali chete. Elinati anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Amayi anakweza, atena anatsatira, abesi ankamveka ngati anthu olankhula atatsekedwa pakamwa. Pa ameni womaliza onse anaima kuti Moses atsike, ndipo sipanatuluke kanthu. Ngakhale phwerere uja panalibe. Panangomveka njere za thonje zikuthetheka pang'ono kumbuyo, kenako nyimbo ina n'kuyamba.

Anaibwezera, zinali chimodzimodzi. Phwerere uja ankamuda, koma unali umboni woti pamalopo pali munthu. Tsopano anamva ngati wamuika mwamuna wake kachiwiri, ulendo uno ndi manja ake. Anazimitsa injini n'kukhala momwemo mpaka dzuwa linapendeka, ndipo panalibe amene anabwera kudzafunsa chimene namfedwa akuchita m'galimoto yotseka mawindo. Tsiku limenelo sanaphike.

Loweruka m'mawa anali kale pampanda Wadson asanasukusule. Atamufotokozera, Wadson anafunsa kuti thonje laikidwa lochuluka bwanji. Elinati anamuonetsa thumba lija, litatsala ndi kakang'ono pansi. Wadson anayamba kuseka, koma Judith anamuyang'ana ndipo kusekako kunathera pakhosi.

"Alamu, mwalipondera ngati belo la ku Zemba?"

"Nanga thonje amaliika bwanji?"

Wadson anavomera kuti cholakwa n'chake, akanayenera kunena. Anati sipika imapuma ngati munthu, ikapanikizidwa siingatulutse mawu. Thonje la kumunda n'lolemera, lili ndi njere, ndiponso limagwira chinyontho. Lofunika ndi lopepuka lija la m'mapilo a kusitolo, ndipo amangolimwaza, osalikanikiza. Judith anati mapilo a kwawo onse ndi a sanza zodula, ndipo ogulitsa mapilo enieni safika pamsika tsiku lililonse, koma masana akhoza kukayendayenda. Akulankhula choncho foni ya Elinati inalira. Anali Terrance. Anati wapeza lole ya chimanga imene ikunyamuka pompano, ndiye afika m'mawa uno m'malo mwa madzulo.

Elinati anathokoza onse awiri n'kulowa m'nyumba. Pilo ya kusitolo m'nyumbamo inalimo imodzi, ndipo palibe ankadziwa kuti ilimo.

Tsiku logawa zovala, alongo ake a Moses anayala mphasa pabwalo. Mwambo wake ndi woti chilichonse chimene malemu ankavala kapena kugonera chituluke, chigawidwe kwa abale, kuti m'nyumba musatsale chomumanga wotsalayo. Anatulutsa masuti, nsapato, yunifolomu ya kwaya, bulangete, ngakhale mipango ya m'thumba. Atamufunsa Elinati ngati zatha, anati zatha. Linali bodza, ndipo ine sindimuweruza. Pilo ya Moses inali pansi pa sutikesi, itakutidwa ndi zitenje. Anaigula ku Chipata khosi litayamba kumuvuta ndi kuyendetsa, ndipo inali itaphwa pakati, pamene pankagona mutu wake. Inkanunkhira mafuta ake a tsitsi, sopo, ndi thukuta la munthu amene wayenda tsiku lonse pamsewu wafumbi. Elinati sankaigonera, poopa kuti fungo lake lingakwirire la mwini. Ankangotsegula sutikesi, n'kuika nkhope, n'kutsekanso msanga.

Anaitulutsa n'kukhala nayo pabedi, lumo lija lili m'dzanja. Akaisiya, fungo akhala nalo mwina mpaka mvula ikubwerayi, likuchepa pang'onopang'ono, koma mawu apita ku Mlolo lero lomwe, n'kukatayidwa kudzala limodzi ndi bokosi. Akaing'amba, sankadziwa n'komwe ngati zitheka, poti dzulo lomwe anali atakhulupiriranso. Panalibe womufunsa. Mayi ake akanakhalapo akanamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Anaika nkhope pa piloyo nthawi yaitali, akukoka mpweya mpaka mutu kuzungulira, kenako anadula msoko.

Kutulutsa thonje la ku Zemba kunavuta kuposa kuliika. Linkatuluka m'zibuma, ndipo ena mwa makona anachita kukolowola ndi waya. Manja ake anada ndi girisi wa pachitseko cha buti. Thonje la m'pilo linali loyera, lopepuka, lophathikana pakati. Analimasula ndi zala pang'onopang'ono n'kumaliyala m'bokosi ngati mmene amayalira udzu m'chisa cha nkhuku yoikira. Dzanja linkafuna kukanikiza, iye n'kumaliletsa. Lotsala analilowetsa kuseri kwa pulasitiki ya m'mbali mwa buti, pamene pankagwedera. Pomaliza m'manja mwake munatsala nsalu yokha, ndipo anapukutira zala asanaganize, n'kuiponya pansi kuti amange timabawuti.

Ulendo uno sanakhale kutsogolo. Atayatsa nyimbo anatuluka n'kukalowa kumpando wakumbuyo, kumene sanakhalepo chigulireni galimotoyo, n'kutsamira mbali ya bokosi. Amayi anayamba. Atena analowa. Abesi atalowa, mpando unayamba kumukhudza kumsana, ndipo pakati pa amuna onsewo anamuzindikira. Anali atamuiwala bwanji? Anali yemweyo, wolemera, wosafulumira, wokhala ngati akumwetulira pang'ono. Pa ameni womaliza onse anaima, Moses n'kutsika yekha, kutsika, mpaka pansi pake, n'kukhala pamenepo nthawi yonse imene mpweya wake unamulola. Palibe chinagwedera. Mawuwo anadutsa mumpando, mumsana, mpaka m'chifuwa mwa mkazi wake.

Elinati analira mmene sanalirire pa maliro, pamene anthu ankamugwira mapewa n'kumamuuza kuti alimbe mtima. Anaweramira kutsogolo n'kuibwezera nyimboyo, n'kutsamiranso. Anaibwezera kangapo, mpaka anasiya kulira n'kumangomvera, maso chitsekere.

Anadzidzimuka ndi kugogoda pawindo. Anali Terrance, fumbi la pa lole lili m'tsitsi, chigubu cha mafuta chili m'dzanja. Elinati anapukuta nkhope ndi chitenje n'kutsegula chitseko, nyimbo ikulirabe.

"Mwauka bwanji, azakhali? Ndaodira kutsogoloku, osayankhidwa."

Elinati asanayankhe, ameni uja anafika. Terrance anaika chigubu pansi. Anamvera mpaka kumapeto, ndipo anayang'ana kumbali, kumene kunalibe choyang'ana.

"Amalume awo," anatero motsitsa.

Kenako uchinyamata unamubwerera. Anazungulira galimoto, anagogoda buti, anafunsa kuti wakonza ndani, poti ulendo watha bokosili linkalira ngati chitini. Elinati anati wangomanga apa ndi apo. Terrance anati ngati ndi choncho ndiye za sipika ya ku Chipata zayamba zaima, ili likugunda bwino kuposa za m'maminibasi. Anafunsa kuti aikamo chiyani. Elinati anati thonje basi.

Anamupatsa madzi akumwa ndi mbatata yozizira. Terrance anadya ataimirira, akufotokoza kuti mayi ake apereka moni ndipo akulu akukambirana za tsiku lodzamusudzula Elinati. Anathira mafuta, anapukuta zitosi pagalasi, analandira makiyi ndi manja awiri. Atakhala pa chiwongolero anazula kafulashi kaja n'kukapereka pawindo, akuti aka ndi kanu.

Elinati anakayang'ana. M'nyumba munalibe choti kangaimbiremo Moses.

"Kabwezereni pomwepo," anatero. "Ndikupempha chimodzi, Terrance. Muyatse nyimbo yomweyo, mukweze, musaisinthe mpaka mutadutsa pachigayo."

"Anthu anena, azakhali. Maliro ndi a dzana."

"Anene."

Galimoto inabwerera chammbuyo kuchoka pansi pa mango, inadutsa pambali pa nyumba n'kulowa mumsewu. Elinati anaitsatira mpaka kumsewuko, opanda nsapato. Makatani a nyumba yoyang'anana nayo anagwedezeka. Judith anatuluka n'kuima pakhomo pake, ndipo kumbuyo kwake Wadson anavula chipewa.

Terrance anayenda pang'onopang'ono, nyimbo ili pamwamba. Galimoto ikutalikira, amayi ndi amene anayamba kusowa. Atena anatsatira. Itakhota pachigayo n'kubisika ndi fumbi, kunatsala abesi okha, kugunda kwapansi kumene kumayenda patali kuposa mawu ena onse. Kenako nawonso anaima, ndipo kuchokera kumene galimoto sinkaonekanso kunabwera Moses yekha, wopanda kwaya, akutsika. Elinati sanadziwe ngati akumumva ndi makutu kapena ndi mapazi. Anaima chilili mpaka kunalibenso kanthu, ndipo anaimabe pang'ono, kuopa kuti mwina kwatsala.

Mnyamata wa njinga ya makala anamuimbira belu kuti apatuke. Anabwerera kuseri kwa nyumba. Pansi pa mango panatsala malo a udzu wofiira, dontho la mafuta akuda, ndi zibuma za thonje la ku Zemba zimene nkhuku zinali zitayamba kupalasa. Nsalu ya pilo inali pomwe anaiponya. Anaitola, anaikutumula fumbi, n'kuiika pankhope. Inkanunkha girisi wa m'manja mwake.